Mmene mungadziwire chithunzi chakale cha ku Japan powerenga zolembedwapo

Anthu ambiri akapeza chithunzi chakale cha ku Japan amathamangira kuchijambula ndi foni n'kuuza makina omasulira kuti awerenge zonse pakamodzi. Zotuluka zake zimakhala mawu obalalika, opanda mutu. Vuto si makinawo okha. Zolembedwa pa chithunzi chotere si chiganizo chimodzi ayi, koma ndi tizigawo tisanu kapena kuposerapo, ndipo kalikonse kali ndi ntchito yake. Kena ndi dzina la wojambula, kena ndi mutu, kena ndi chidindo cha boma, kena ndi chizindikiro cha wofalitsa. Muyenera kutisiyanitsa kaye musanamasulire kalikonse.

Malangizowa ndi a zithunzi zotchedwa ukiyo-e, zija zosindikizidwa papepala ndi matabwa ogoba, makamaka zopangidwa mumzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo, kuyambira cha m'ma 1790 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Cha kumapeto kuli chigawo chachifupi cha zithunzi za pamanja, zojambulidwa ndi burashi osati kusindikizidwa, zopachika pakhoma. Simufunika kudziwa Chijapanizi. Zilembo zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri n'zochepa, ndipo zambiri zalembedwa m'munsimu.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni ya kamera yotha kujambula tinthu ting'onoting'ono chapafupi
- Galasi lokulitsa zinthu ka 10
- Rula ya masentimita
- Pensulo ndi pepala lolembapo. Bolopeni ndi inki zikhale kutali ndi chithunzi
- Tebulo louma loyalidwa pepala loyera, pafupi ndi zenera losalowa dzuwa
- Google Lens, yowerengera zilembo zooneka bwino
- Miwo, pulogalamu ya pafoni yaulere yomwe inatuluka mu 2021, yowerengera zilembo zolembedwa mothamanga zotchedwa kuzushiji
- Jisho.org, mtanthauziramawu wofufuzira chilembo pogwiritsa ntchito zigawo zake
- Ukiyo-e.org, komwe mumatumiza chithunzi chanu ndipo kompyuta imachiyerekeza ndi zithunzi za m'nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale

Sambani m'manja ndi kupukuta bwino. Magolovesi a nsalu amachotsa mphamvu yogwira, ndipo pepala lopyapyala limang'ambika mosavuta m'manja osamva.

## 1. Yezani ndi kujambula musanawerenge

Goneketsani chithunzi patebulo n'kuyeza mulitali ndi mulifupi mwa pepala lonse, osati mwa chojambulidwa chokha. Ukulu wofala kwambiri ndi ōban, pafupifupi masentimita 39 ndi 26. Wina ndi chūban, pafupifupi 26 ndi 19. Ngati lanu likuperewera sentimita imodzi kapena awiri, mwina linadulidwa m'mphepete, ndipo lembani zimenezo chifukwa zidindo zina zimakhala m'mphepetemo.

Jambulani chithunzi chonse, kumaso ndi kumbuyo. Kenako jambulani paliponse pamene pali chilembo kapena chidindo, kalikonse pakokha, foni ili chilili pamwamba pake. Zimitsani fulashi.

Chenjezo: ngati chithunzi chili m'felemu, kapepala kolimba kozungulira m'mbali kamabisa zidindo. Felemu yotsegula kumbuyo mosavuta itseguleni. Koma mukapeza kuti chithunzicho chinamatidwa pa katoni, chisiyeni momwemo. Kuchimatula kumasenda kumbuyo kwa pepala, ndipo madzi amasungunula utoto wina, makamaka wofiira ndi wapepo.

## 2. Patsani chigawo chilichonse nambala

Jambulani ndi pensulo kabokosi koimira chithunzicho papepala lanu, n'kuikamo manambala pamalo pamene pali zolembedwa. Nthawi zambiri mupeza izi:

Kabokosi kamtundu wowala, kawirikawiri kumwamba chakumanja, kamakhala ndi mutu wa gulu la zithunzi ndi mutu wa chithunzi chimenechi. Mzere waufupi wotsika, cha m'munsi kumanzere kapena kumanja, ndi siginecha ya wojambula. Tizidindo tozungulira tofanana ndi batani la malaya, tokhala pafupi ndi siginecha kapena m'mphepete, ndi ta boma. Chizindikiro chooneka ngati denga la nyumba, phiri, kapena bokosi lokhala ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri ndi cha wofalitsa. Timabokosi tating'ono pafupi ndi mutu wa munthu wojambulidwa timatchula dzina lake. Mawu ambiri opiringizika odzaza kumwamba ndi ndakatulo kapena nkhani.

Chijapanizi chakale chimawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo mizere imayambira kumanja kupita kumanzere. Mawu olembedwa chopingasa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe nawonso amayambira kumanja nthawi zambiri. Makina amakonda kuwawerenga kuyambira kumanzere, ndiye amatulutsa dzina lozondoka.

Ndakatuloyo isiyeni kaye. Ndi gawo lovuta kuposa onse, ndipo silithandiza kwenikweni kudziwa wojambula kapena chaka.

## 3. Werengani siginecha kuyambira pansi

Chilembo chomalizira cha siginecha si mbali ya dzina. Chimakhala chimodzi mwa izi: 画, chowerengedwa ga, kutanthauza "wajambula ndi", kapena 筆, chowerengedwa hitsu, kutanthauza "burashi ya". Mwa apo ndi apo mupeza 図 kapena 写. Mukachipeza, zilembo ziwiri zomwe zili pamwamba pake ndiye dzina lomwe mukufuna. Zotsala pamwamba pa ziwirizo ndi dzina lina la luso, lomwe wojambula ankatha kulisintha. Mwachitsanzo 一勇斎国芳画 ndi Ichiyūsai, kenako Kuniyoshi, kenako ga. Siginecha ikayamba ndi 応需, zilembo ziwirizo zimangonena kuti chithunzicho anachita kumupempha, si dzina.

Mayina omwe amapezeka kwambiri ndi awa: 豊国 Toyokuni, 国貞 Kunisada, 国芳 Kuniyoshi, 広重 Hiroshige, 北斎 Hokusai, 歌麿 Utamaro, 英泉 Eisen, 芳年 Yoshitoshi, 国周 Kunichika, 周延 Chikanobu.

Pa chithunzi chenichenicho zilembozi zitha kuoneka zosiyana ndi zomwe zili apa, chifukwa Japan inapeputsa kalembedwe ka zilembo zambiri nkhondo yachiwiri itatha. Chakale cha 国 ndi 國, cha 広 ndi 廣, cha 豊 ndi 豐, cha 画 ndi 畫, cha 斎 ndi 齋. Ndi chilembo chomwecho, dzina lomwelo.

Google Lens ikalephera, tsegulani Jisho.org pamalo osankhira zigawo za chilembo. Sankhani chigawo chomwe mukuchiona bwino. Pa 芳 pali kachizindikiro ka udzu 艹 pamwamba ndi 方 pansi. Mukasankha ziwirizo mndandanda umachepa kufika pa zilembo zowerengeka.

Pali njira ina yachidule. Ophunzira a gulu la Utagawa ankatenga chilembo chachiwiri cha dzina la mphunzitsi wawo n'kuchiika poyamba pa dzina lawo. Toyokuni anaphunzitsa Kunisada ndi Kuniyoshi. Kuniyoshi anaphunzitsa Yoshitoshi, Yoshitora ndi Yoshiiku. Kunisada anaphunzitsa Sadahide. Toyohiro anaphunzitsa Hiroshige. Choncho mukangotha kuwerenga 芳 koyambirira kwa dzina, mwadziwa kale kuti mufufuze pakati pa ophunzira a Kuniyoshi.

Chenjezo loyamba: musamasulire dzina. Makina akaona 北斎 angakuuzeni za "chipinda cha kumpoto", ndipo pa 広重 angakuuzeni za "kutambalala" ndi "kulemera". Koperani zilembozo momwe zilili n'kuzifufuza pamodzi ndi mawu akuti ukiyo-e.

Chenjezo lachiwiri, lomwe ndi lalikulu: dzina limodzi linkagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo. Toyokuni woyamba anamwalira mu 1825. Kunisada anatenga dzina la Toyokuni mu 1844 ndipo analigwiritsa ntchito mpaka imfa yake kumayambiriro kwa 1865. Zithunzi zambiri zosainidwa 豊国画 zomwe zili m'manja mwa anthu ndi za Kunisada ameneyu, yemwe lero amatchedwa Toyokuni III. Siginecha yake ya m'zaka za m'ma 1850 imakonda kukhala m'kabokosi kotalika kokhala ndi mfundo pakona, kotchedwa toshidama. Hiroshige woyamba anamwalira mu 1858, koma panabwera Hiroshige wachiwiri ndi wachitatu osaina 広重 yemweyo. Hokusai ndiye anachita zosiyana: munthu mmodzi, mayina ambirimbiri. Pa chithunzi chake chotchuka cha funde lalikulu la ku Kanagawa anasaina 北斎改為一筆, kutanthauza "burashi ya Hokusai, yemwe wasintha dzina kukhala Iitsu". Siginecha yokha siikwanira. Chaka ndi chomwe chimathetsa mkangano.

## 4. Pezani chaka pa zidindo za boma

Kuyambira cha m'ma 1790 mpaka 1875, chithunzi chogulitsa ku Edo chinkayenera kuvomerezedwa chisanasindikizidwe, ndipo chidindo chovomerezacho chinkagobedwa pathabwa pamodzi ndi mizere ya chithunzi. N'chifukwa chake chimaoneka chakuda, osati chofiira. Maonekedwe ake ankasintha ndi zaka:

- Cha m'ma 1790 mpaka 1842: chidindo chozungulira cha chilembo 極, kiwame. Zaka 50 n'zambiri, choncho chidindochi chimangokuuzani kuti chithunzi si cha pambuyo pa 1842.
- 1843 mpaka cha m'ma 1847: chidindo chimodzi cha dzina la nanushi, mfumu ya dera la mumzinda yomwe inapatsidwa ntchito yopima zithunzi.
- 1847 mpaka 1852: zidindo ziwiri za nanushi.
- 1852 ndi 1853: zidindo ziwiri za nanushi, kuphatikiza chachitatu chooneka ngati dzira chonena chaka ndi mwezi.
- Kumapeto kwa 1853 mpaka 1857: chidindo chozungulira cha 改, aratame, ndi chidindo cha dzira cha deti pambali pake.
- 1858: chidindo cha deti chokha.
- 1859 mpaka 1871: chidindo chimodzi chozungulira chophatikiza 改, chaka ndi mwezi.
- 1872 mpaka 1875: chidindo cha deti, kawirikawiri chopanda 改.

Chaka sichilembedwa ndi manambala koma ndi chilembo cha nyama, pa mndandanda wa nyama 12 wobwerezabwereza. Kuyambira 1852 zimayenda chonchi: 子 khoswe 1852, 丑 ng'ombe 1853, 寅 kambuku wa mizeremizere 1854, 卯 kalulu 1855, 辰 chinjoka 1856, 巳 njoka 1857, 午 hatchi 1858, 未 nkhosa 1859, 申 nyani 1860, 酉 tambala 1861, 戌 galu 1862, 亥 nguluwe 1863. Mu 1864 khoswe amabweranso ndipo mndandanda umayambiranso.

Mwezi ndi nambala: 一 1, 二 2, 三 3, 四 4, 五 5, 六 6, 七 7, 八 8, 九 9, 十 10, 十一 11, 十二 12. Mwezi woyamba umalembedwanso 正. Mukaona 閏, ndi mwezi woonjezera womwe kalendala yawo yakale inkaika m'zaka zina.

Tiyeni tiyese. Chithunzi chasainidwa 豊国画. Pafupi pali chidindo chozungulira cha 改 ndi china cha dzira chokhala ndi 卯 ndi 八. Kalulu angakhale 1843, 1855 kapena 1867. Koma zidindo ziwiri za mtundu umenewu zinagwira ntchito pakati pa 1853 ndi 1857 pokha, ndiye chaka ndi 1855, mwezi wa 8. Toyokuni woyamba anali atamwalira zaka 30 zapitazo, choncho wojambula ndi Kunisada. Onani kuti nyama yokha siinathandize mpaka titaiphatikiza ndi maonekedwe a chidindo.

Malo amodzi pamene njirayi imakanika ndi chaka cha nkhosa. 1859 ndi 1871 zonse ndi za nkhosa, ndipo zonse zili ndi chidindo chimodzi chophatikiza. Apo bwererani ku siginecha. Kuniyoshi anamwalira mu 1861 ndipo Kunisada mu 1865, ndiye ngati ndi mmodzi mwa iwo chaka ndi 1859. Utoto wofiira wothobwa m'maso, wochokera ku Ulaya, womwe unafala kwambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1860, umaloza ku 1871.

Chenjezo: zilembo za m'zidindozi n'zopindidwapindidwa kuti zikwane m'bwalo, ndipo makina saziwerenga. Tengani galasi lokulitsa, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo muziyerekeze ndi matebulo a zidindo omwe ali pa intaneti. Fufuzani mawu akuti aratame kapena kiwame. Zilembo zosokoneza kwambiri ndi 未 ndi 末, 午 ndi 牛, 申 ndi 甲, 戌 ndi 戊, 巳 ndi 己. Pa chidindo cha deti, choyamba pa ziwiri zilizonse ndicho nyama.

Kusowa kwa chidindo si umboni wa chinyengo. Zithunzi za ku Osaka sizinkatsata dongosolo la ku Edo. Zosindikizidwa mwapadera zogawira abwenzi, zotchedwa surimono, sizinkapimidwa. Ndipo pa zithunzi zina, monga gulu la Hiroshige la malo otchuka 100 a mu Edo, zidindo zili m'mphepete kunja kwa chojambulidwa, kumene lumo la wodula limayambira.

## 5. Ngati chithunzi ndi cha 1876 kapena pambuyo pake

Zidindo zozungulira zinatha, ndipo lamulo linafuna kuti deti, dzina ndi adiresi ya wofalitsa zilembedwe poyera. Mupeza mzere wautali wa tizilembo m'mphepete kapena m'kabokosi. Apa ntchito ndi yophweka. Pezani dzina la nyengo ya ulamuliro wa mfumu, kenako nambala, kenako 年 chaka, 月 mwezi, 日 tsiku.

明治 ndi Meiji: onjezani 1867 pa nambalayo. 大正 ndi Taishō: onjezani 1911. 昭和 ndi Shōwa: onjezani 1925. Choncho 明治十九年 ndi Meiji 19, chomwe ndi 1886. Chaka choyamba cha nyengo iliyonse chimalembedwa 元年.

Manambala oposa 10 amamangidwa motere: 十九 ndi 19, 二十 ndi 20, 二十三 ndi 23. Pali zilembo ziwiri zachidule zomwe zimagwetsa anthu: 廿 ndi 20, ndipo 卅 ndi 30. Motero 明治廿三年 ndi Meiji 23, kapena kuti 1890. Mupezanso 壱 1, 弐 2, 参 3 ndi 拾 10.

Mawu ena a pamzerewu: 御届 ndi tsiku lomwe chithunzi chinalembetsedwa ku boma, 印刷 ndi kusindikiza, 出版 kapena 発行 ndi kutulutsa, 出版人 ndi wofalitsa, 画工 ndi wojambula.

Chenjezo: dzina lotsatira 画工 ndi dzina la munthuyo la ku boma, osati la luso. Yoshitoshi amalembedwa 月岡米次郎, Tsukioka Yonejirō. Kunichika amalembedwa 荒川八十八, Arakawa Yasohachi. Chikanobu ndi 橋本直義, Hashimoto Naoyoshi. Ambiri akaona mayina awiri osiyana amaganiza kuti ojambula ndi awiri. Ndipo 八十八 pa dzina la Kunichika si nambala 88 ya deti, ndi dzina basi.

## 6. Mutu, wofalitsa ndi ena onse

Tsopano bwererani ku kabokosi ka mutu. Mawu akuluakulu ndi dzina la gulu la zithunzi. Mukaona 之内 kapena の内 kumapeto kwake, zikutanthauza "chimodzi mwa". Mawu obwera kawirikawiri ndi 名所 malo otchuka, 東都 kapena 江戸 mzinda wa Edo, 東海道 msewu wa Tōkaidō, 五十三次 malo opumira 53 a pamsewuwo, 百 100, 景 maonekedwe a malo, 美人 akazi okongola, 見立 kufanizira. Nambala ya pamutu musaikhulupirire kwambiri. Gulu la Hokusai la maonekedwe 36 a phiri la Fuji lili ndi zithunzi 46, ndipo magulu a Tōkaidō amakhala ndi 55 chifukwa amaonjezera poyambira ku Edo ndi pothera ku Kyoto.

Pa zithunzi za ochita zisudzo za kabuki, kabokosi kamatchula dzina la munthu wa m'sewero, ndipo nthawi zina dzina la wosewerayo. Mu 1842 boma linaletsa zithunzi za ochita zisudzo, ndipo ngakhale zinabwerera pasanapite nthawi, mayina a osewera sankalembedwa mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860. Pa zithunzi za nthawi imeneyo yang'anani chizindikiro cha banja pa zovala. Mabokosi atatu, lina m'kati mwa linzake, ndi chizindikiro cha banja la Ichikawa Danjūrō.

Chizindikiro cha wofalitsa chimatsatiridwa nthawi zina ndi 板 kapena 版. Chodziwika kwambiri ndi tsamba lokhala pansi pa phiri la nsonga zitatu, la Tsutaya Jūzaburō. Kabokosi koyamba ndi 彫 kamatchula wogoba thabwa, monga 彫竹, Hori Take. Koyamba ndi 摺 kamatchula wosindikiza. Awa si ojambula, ngakhale mabokosi awo amakhala pafupi ndi siginecha.

Chidindo chofiira chochita kudindidwa ndi dzanja, makamaka kumbuyo kapena pakona, nthawi zambiri ndi cha munthu yemwe anakhalapo mwini wake kapena wogulitsa. Cha Hayashi Tadamasa, yemwe ankagulitsa zithunzizi ku Paris kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, chimapezeka pa zambiri.

## 7. Fufuzani chinzake

Tumizani chithunzi chonse ku Ukiyo-e.org. Chikapezeka, muona makope a ku British Museum, Museum of Fine Arts ya ku Boston, Art Institute of Chicago ndi kwina. Chikapanda kupezeka, lembani dzina la wojambula ndi mutu m'zilembo za Chijapanizi n'kufufuza. Pa zithunzi za kabuki, nkhokwe za yunivesite ya Waseda ndi ya Ritsumeikan ndi zolemera kwambiri.

Ngati munthu wojambulidwa akuyang'ana kumbali kopanda kanthu, kapena nthambi ya mtengo yadukira m'mphepete, mwina muli ndi pepala limodzi mwa atatu olumikizana. Mutu umatha kukhala pa pepala lakumanja lokha, ndiye lanu likhoza kukhala lopanda mutu. Fufuzani ndi wojambula, chaka ndi wofalitsa.

Ndakatulo ija mukhoza kuiyesa tsopano ndi Miwo. Jambulani mzere umodzi kapena iwiri pakamodzi. Zomwe yawerenga muzitenge ngati poyambira, chifukwa kale liwu limodzi linkalembedwa ndi zilembo zingapo zosiyana mpaka boma litasankha chimodzi mu 1900. Nthawi zambiri nyumba yosungiramo zakale yomwe ili ndi chinzake imakhala itamasulira kale.

## 8. Funsani pepala ngati likugwirizana ndi zolembedwa

Zonse zomwe mwawerengazi zikukuuzani za chojambulacho: wojambula wake ndi chaka chomwe chinavomerezedwa. Sizikukuuzani tsiku lomwe pepala lanulo linasindikizidwa. Wokopera amakopera siginecha ndi zidindo zomwe.

Yambani ndi galasi. Mukaona timadontho tandondomeko tamitundu inayi, ndi chosindikizidwa pa makina amakono, ndipo nkhani yathera pomwepo. Mukaona utoto wolowerera mu ulusi wa pepala, tembenuzani. Chosindikizidwa ndi thabwa chimaonetsa utoto wodutsira kumbuyo, ndi mikwasa yozungulira ya baren, chida chomwe wosindikiza ankatikitira pepala pathabwa.

Izi zikatsimikizika patsala mitundu itatu. Woyamba ndi wosindikizidwa koyambirira matabwa ali atsopano: mizere yopyapyala ngati ya tsitsi ndi yosaduka, ndipo mitundu imazilala pang'onopang'ono mosamalika. Wachiwiri ndi wosindikizidwa mochedwa pa matabwa omwewo atatha: mizere ndi yonenepa ndi yoduka, mitundu ina yachotsedwa, ndipo chizindikiro cha wofalitsa chitha kusintha ngati matabwa anagulitsidwa. Wachitatu ndi wa matabwa ogobedwanso mwatsopano, ntchito yomwe yakhala ikuchitika kuyambira nthawi ya Meiji mpaka lero.

Pofuna kusiyanitsa wachitatuyu, kulitsani chithunzi cha ku nyumba yosungiramo zakale n'kuchiika pambali pa chanu. Yerekezani siginecha, mizere ya kabokosi ka mutu, ndi tinthu tambirimbiri monga masamba kapena madontho a mvula. Thabwa limodzi limabereka zilema zofanana pa makope ake onse, pamene wogoba wina sangabwereze mzere uliwonse ndendende. Yang'ananinso m'mphepete ndi kumbuyo ngati pali 復刻 kapena 複製, mawu onena poyera kuti ndi chokopera. Opanga oona mtima, monga a Adachi ku Tokyo, amaika chizindikiro chawo.

## Zithunzi za pamanja zopachika pakhoma

Pa chithunzi chokulungidwa cha silika kapena pepala palibe chidindo cha boma kapena wofalitsa. Pali siginecha ndi chidindo chofiira chimodzi kapena ziwiri pansi pake, cholembedwa m'kalembedwe kakale kotchedwa tensho. Chidindo cha zilembo zinayi chimawerengedwa kumanja pamwamba, kumanja pansi, kumanzere pamwamba, kumanzere pansi. Ndakatulo ya kumwamba kawirikawiri inalembedwa ndi munthu wina, wokhala ndi siginecha ndi chidindo chakechake, choncho dzina loyandikira chojambulidwa ndilo la wojambula.

Deti limatha kukhala zilembo ziwiri, monga 甲子, zomwe zimabwerera pa zaka 60 zilizonse: 1804, 1864, 1924. Zaka zomwe wojambula anakhala ndi moyo ndi zomwe zisankhe. Ena ankalemba zaka zawo zakubadwa, zotsatiridwa ndi 歳 kapena 翁. Mwana ankawerengedwa wa chaka chimodzi tsiku lobadwa, ndiye onjezani zakazo pa chaka chobadwa n'kuchotsa 1. Kunisada, wobadwa mu 1786, polemba 78 ankanena za 1863.

Bokosi lamatabwa musalitaye. Kunja ndi m'kati mwa chivindikiro mumalembedwa mutu ndi dzina la wojambula m'zilembo zosavuta kuwerenga. Komabe mabokosi amasinthanitsidwa, ndipo siginecha zabodza za akatswiri otchuka n'zochuluka pa zithunzi za pamanja kuposa pa zosindikizidwa. Apa pafunika katswiri woona chinthucho ndi maso ake.

## Zolakwika zofala

Kuika mwezi wa pachidindo pa kalendala yathu. Japan inayamba kalendala imeneyi pa 1 Januwale 1873. Chisanafike chaka chimenecho, mwezi wa 8 si Ogasiti, ndipo mwezi wa 12 unkagwera kwambiri mu Januwale wa chaka chotsatira. Lembani "mwezi wa 8, 1855".

Kutenga dzina lalikulu kuposa onse ngati la wojambula. Zilembo zazikulu nthawi zambiri ndi mutu kapena dzina la wosewera.

Kuwerenga Chitchaina ngati Chijapanizi. Zilembo zambiri n'zofanana, ndipo makina amasankha okha chilankhulo. Ikani Chijapanizi ndi dzanja, apo ayi 国芳 atuluka ndi katchulidwe ka ku China komwe simudzakapeza m'ndandanda wa ojambula a ukiyo-e.

Kuganiza kuti pepala lofiirira ndi lakale. Chokopera cha m'ma 1950 chomwe chakhala padzuwa chimaoneka chokalamba kuposa chenicheni cha 1850 chosungidwa m'buku.

Kufuta dothi kuti chidindo chioneke. Chofufutira chimadzutsa ulusi wa pepala ndipo malovu amasiya banga. Jambulani ndi kuwala kochokera m'mbali, kenako onjezani kusiyana kwa mdima ndi kuwala pafoni.

Kuiwala kuti zithunzi za m'zaka za m'ma 1900 zinkasindikizidwa kwa zaka zambiri ndi deti lomwelo. Pa zithunzi za Kawase Hasui, deti la m'mphepete ndi la chojambulacho, ndipo mtundu wa chidindo cha wofalitsa Watanabe ndi umene umasonyeza nthawi yosindikiza. Pa za Yoshida Hiroshi, yang'anani m'mphepete chakumanzere kachidindo ka 自摺, jizuri, komwe kankaikidwa pa makope osindikizidwa iye mwini akuyang'anira.